Phungu wa ku Manyamula Anagwada

Chipewa cha Sipikala chinali cha thonje. Anandisokera mayi wina wophika pasukulu pathu, amene anatenga chisoti chakale n'kumatapo thonje lotsukira zilonda, ndipo ndikachivala ndinkaoneka ngati nkhosa yodwala. Mkanjo tinabwereka kwa akwaya a kutchalitchi. Ndodo yaulemu ija, imene amati popanda iyo nyumba yamalamulo siingakumane, anandisemera bambo anga ku Viphya, kumene ankagwira ntchito pamakina ocheka matabwa. Inali ya paini, yopepuka ngati phesi, ndipo inkanunkha utomoni mpaka tsiku la mwambo.

Ndinali Fomu 3 pasukulu ina yogonera komweko pa Boma la Mzimba. Matipate anali akadali achilendo ndithu, ndipo mabungwe ankazungulira m'masukulu pamagalimoto oyera kudzatiphunzitsa demokalase. Bungwe lina linabwera ndi nkhani ya nyumba yamalamulo ya ana asukulu. Sukulu zingapo za m'boma la Mzimba zitumize ana, tigawane mbali ya boma ndi yotsutsa, tikangane tsiku lathunthu m'holo, kenako awiri ochita bwino apite ku Lilongwe akakhale pamipando yeniyeni. Anatisiyira kabuku kopyapyala ka malamulo a m'nyumbamo, ndipo ine ndinakaloweza konse. Sindinali wanzeru kuposa anzanga, koma ndinkakonda chilichonse cholembedwa m'mizere, chokhala ndi nambala kumayambiriro. N'chifukwa chake anandisankha kukhala Sipikala.

Lamulo lina m'kabukumo linkati m'nyumba yamalamulo munthu satchulidwa dzina, amatchulidwa ndi dera lake. Limeneli tinalikonda mpaka tinapita nalo pamzere wa phala. Unkamva wina akuti, "Olemekezeka a ku Euthini, mwandiponda phazi," winayo n'kuyankha kuti nkhaniyo aitumiza ku komiti. Mnzanga amene ndikufuna kunena za iyeyu ndinazolowera kumutchula phungu wa ku Manyamula, ndipo mpaka lero ndikamuganizira dzina limabwera mochedwa.

Ankagona pabedi lapansi, ine lapamwamba. Anali wamtali, wosakonda zolankhulalankhula m'njira, koma akaimirira kutsogolo Chingerezi chake chinkatuluka ngati cha pawailesi. Ndiye ankandiphunzitsa Chitumbuka, n'kumaseka ndikamapotoza lilime, chifukwa kwathu n'ku Dedza ndipo ku Viphya tinkakhala pakati pa anthu a maboma onse, aliyense ndi chilankhulo chake. Anamusankha kukhala mtsogoleri wa mbali yotsutsa popanda wotsutsa. Nkhani imene anakonza inali ya mlatho wa pamtsinje wina wa kwawo. Mvula ikagwa anthu ankagona kutsidya ndi njinga zawo, odwala ankadikira madzi aphwe, ndipo ana ena ankaphonya mayeso. Ankaiyeseza pochapa, posita, ngakhale podikira mpopi, mpaka nanenso ndinaidziwa ngati pemphero. Inkatenga mphindi zisanu ndi ziwiri ndendende, monga kabuku kankalolera.

Za ng'ombe anandiuza tsiku lina tikuyanika mayunifomu. Anazinena mmene munthu anganenere kuti sopo watha. Ng'ombe za malowolo zinali zitapita kale kukhola la bambo ake. Mwamuna womulowolayo anali ku Joni, ankatumiza mabulangete ndi nsapato, ndipo pangano linali lakuti mtsikana amalize kaye Fomu 4. Koma tsopano mwamuna uja anali atatumiza uthenga kuti akubwera pa Khirisimasi ndipo akufuna adzamupeze pakhomo. Womaliza kugamula anali bambo a mwamunayo, poti ng'ombe zinatuluka m'khola lawo. Iwo anali asanayankhe.

"Nanga iweyo ukufuna chiyani?" ndinamufunsa.

"Fomu 4," anatero, uku akufinya siketi. "Zinazo mbwenu, zidzaoneka."

Nkhaniyi inafika kwa madamu amene ankayang'anira kalabu yathu ya nyumba yamalamuloyo. Anali a ku Dowa, atangotumizidwa kumene kumpoto, achangu, okonda ana, ndipo sankagona ndi vuto osalipezera njira. Njira imene anapeza inali yooneka bwino. Analembera kalata mkulu uja, bambo a mwamunayo, kumuitana kuti adzakhale mmodzi wa alendo olemekezeka. Maganizo awo anali akuti akadzamva ndi makutu ake mmene mtsikanayo amalankhulira, akadzaona akuluakulu a pa Boma akumuombera m'manja n'kumusankha kupita ku Lilongwe, sadzalimba mtima kumuchotsa sukulu. Anandiuza ine ndekha chifukwa ndine ndinkakonza za mipando.

"Usamuuze mnzakoyo," anandichenjeza. "Angachite mantha. Uwaike kutsogolo, pafupi ndi iyeyo, amve bwinobwino."

Ndinasunga chinsinsicho milungu iwiri, n'kumadziona wofunika. Kwathu ku Dedza ndinkadziwa kuti mkamwini amathawa apongozi aakazi, amapatuka m'njira n'kulowa m'chimanga. Sindinaganizepo kuti kuno mwambowo umagwera mkazi, ndiponso kuti umayamba ng'ombe zikangolowa m'khola. Mtsikana aliyense wa m'hositelo mwathu akanatiuza. Mayi wosoka chipewa uja akanatiuza asanamalize n'komwe kulowetsa ulusi m'singano. Koma ine ndi madamu tinali alendo awiri okhulupirira nzeru zathu, ndipo safunsa anadya phula.

Tsikulo linali la mu Juni, kukuzizira mmene kumazizirira ku Mzimba, mphepo yolowa mpaka m'mano. Ana a ku Embangweni anabwera palole, a ku Euthini pa pikapu, onse otuwa ndi fumbi. Mkulu uja anafika m'mawa kwambiri panjinga, atamanga miyendo ya thalauzi ndi timalamba ta chubu. Ndinkayembekezera munthu woopsa. Ndinapeza kamdala kakafupi, ka jekete yaikulu, komwetulira, kogwira chipewa m'manja popereka moni ngakhale kwa ana asukulu. Ndinamuperekeza ndekha kumpando wakutsogolo, mbali ya otsutsa, mapazi atatu kuchokera pamalo a phungu wa ku Manyamula. Anati, "Yewo chomene, mama," n'kukhala, chipewa pabondo.

Aphungu analowa pamzere. Ine ndinali kumbuyo, ndikudikira kulowa ndi ndodo, koma ndinkaona pakhomo. Mnzanga uja atafika pabenchi lake anaima ngati waponda minga. Kenako anavula juzi, kuzizira konse kuja, n'kuimanga m'chiuno kuti iphimbe mawondo. Anakhala kumapeto kwenikweni kwa benchi, atatembenukira kukhoma. Ndinaona zimenezi n'kuganiza kuti ndi mantha aja ananena madamu.

Zam'mawa zinayenda bwino, makamaka kwa ine. Tinkalankhula Chingerezi chokhachokha, monga kabuku kankanenera. Nduna ya zaulimi, mnyamata wa ku Embangweni wa mawu aakulu, inalonjeza feteleza kwa munthu aliyense wamoyo, ndipo a mbali yake anamenya madesiki mpaka fumbi linabuka. Phungu wa ku Euthini anamutchula wabodza, ine n'kumulamula abweze mawuwo. Atakana ndinamutulutsa kunja, ndipo anatuluka akuyenda monyada ngati wapambana. Oweruza atatu a bungwe lija anakhala pambali ndi mapepala awo. Ndinkawaba ndi diso. Nthawi iliyonse ndikafuula kuti "Oda!" n'kutchula nambala ya lamulo, mmodzi ankagwedeza mutu n'kulemba. Zinkandikomera kwambiri.

Itakwana nthawi ya mlatho, ndinaitana mtsogoleri wa mbali yotsutsa, wolemekezeka phungu wa ku Manyamula.

Sanaimirire. Anatsetsereka pabenchi pang'onopang'ono mpaka mawondo anafika pasimenti. Anagwada chammbali, nkhope atalozetsa kwa ine, msana wake wosatembenukira mkulu uja, manja pamodzi. Ndiye anayamba ndi mawu ake omveka aja, otsika pang'ono kuposa masiku onse.

"Mayi Sipikala, ndikuthokoza pondipatsa mpata uno..."

"Oda!" ndinatero. "Phungu wolankhula aimirire."

Limenelo linali lamulo loyamba pa tsamba lachiwiri. Ndinalinena osaganiza, mmene phazi limadzichotsera pa khala la moto. Anyamata a mbali ya boma anaseka, ena n'kumenya madesiki. Iye anayambiranso pomwe paja.

"Mayi Sipikala, ndikuthokoza..."

"Oda! Mpando uno suzindikira phungu amene sanaimirire."

Apa m'pamene ndinamva kunong'ona. Kunayambira kumabenchi a atsikana n'kufalikira m'holo monse, ndipo kuseka kuja kunazima. Mawu amene ankabwerezedwa ndinkawadziwa, poti anandiphunzitsa yekha mwiniwakeyo: atatavyala, kutanthauza apongozi aamuna. Mtsikana wina wa ku Euthini ankandikodola ndi maso, akuloza mkulu uja ndi mlomo. Ndinamvetsa zonse nthawi imodzi. Mkamwana, mkazi wolowoledwa pamudzi, saimirira pamaso pa apongozi ake, sawatalikira iwo atakhala pansi, ndipo kukweza mawu ali chilili pamaso pawo n'kutukwana mudzi wonse umene unapereka ng'ombe. Kulankhula atagwada kunali kale kulimba mtima kwakukulu. Anali atapeza kanjira kokhako kamene kanalipo, ndipo ankangofuna kuti ine ndimulole adutsepo.

Kawiri koyamba kaja ndimadzikhululukira, chifukwa sindinkadziwa. Kachitatu ndinkadziwa.

Anakweza maso n'kundiyang'ana. Sanalankhule Chingerezi. Ananena motsitsa, mawu amodzi amene aliyense wa kutsogolo anamva.

"Ndapota."

Ndinayang'ana kwa madamu, koma anali atagwira pakamwa. Ndinayang'ana kwa oweruza, ndipo onse atatu anali ataimika zolembera, akudikira kuti aone Sipikala achita chiyani. M'kabuku munalibe mzere wonena za kugwada. Munalibenso mzere woletsa Sipikala kunena kuti, pitirizani. Mawu amenewo anali pakamwa panga. Koma ndinaganiza za Lilongwe, kumene ndinali ndisanapiteko, ndipo ndinaopa kuti akalemba kuti Sipikala anagonja. Mkulu uja anali atasendera kutsogolo kwa mpando, akumwetulira, dzanja kukhutu. Chingerezi sankamva. Ankaona mkamwana wake atagwada mwaulemu, ndipo ankadikira kuti ayambe.

"Poti phungu wa ku Manyamula wakana kutsatira lamulo," ndinatero, "nyumba ino ipitirira ndi nkhani yotsatira."

Palibe anamenya desiki. Iye anabwerera pabenchi mmene anatsikira, n'kuyang'ananso kukhoma. Nkhani yotsatira inali ya zimbudzi za m'misika, ndipo tinaikambirana mpaka nthawi ya chakudya.

Panja anatigawira mabanzi ndi zakumwa za m'botolo. Ndinaona madamu ataima ndi mkulu uja pafupi ndi njinga yake, mphunzitsi wina wa konkuno akuwamasulira. Ndinasendera, chipewa cha thonje chikadali kumutu. Madamu ankayesa kufotokoza kuti panachitika kusamvana chabe, kuti mtsikanayo ndi wanzeru kuposa onse, kuti tsiku lina adzamumva. Mkuluyo anamvetsera mpaka kumapeto, osadula mawu. Kenako anayankha mofatsa, womasulira n'kumatipatsa m'Chichewa.

"Akuti mwanayo ulemu ali nawo, awona okha, ndipo akondwa. Koma akuti inu munalemba kuti kuno amamuwerengera. Iwo apalasa njinga kuchokera kusanache kuti adzamumve. Ena onse alankhula, ngakhale wamwano uja analankhula kaye asanatulutsidwe. Iyeyu watsegula pakamwa katatu, katatu konse amukhalitsa chete. Ndiye akuti ngati kusukulu kuno samufuna kumumva, kunyumba aliko omufuna."

Atandiona anavula chipewa. "Yewo, a Sipikala," anatero, n'kundiyamikira kuti ndagwira ntchito yaikulu. Ankanena zoona zake, sankandinyoza. Anakulunga banzi lake m'kapepala, n'kuliika m'thumba la jekete, n'kukwera njinga.

Madzulo oweruza analengeza kuti ku Lilongwe kupita nduna ya feteleza ija ndi ine. Za ine anati ndinaonetsa kuti lamulo siliona nkhope. Anthu anaomba m'manja mwa apo ndi apo.

Ndinkayembekezera kuti mnzangayo andikalipira, ndipo ndinakonza mayankho. Ndikanati sindinkadziwa, ndikanati madamu ndiwo anaitana, ndikanatchula tsamba lachiwiri. Sanandipatse mpata wogwiritsa ntchito ngakhale limodzi. Anangondifunsa ngati ndinkadziwa kuti mkuluyo abwera. Nditavomera anati, "Ukanandiuza ndikanabwereka chitenje," basi. Anapitiriza kugona pabedi lapansi, kundidzutsa m'mawa, kundisungira malo pamzere. Tsiku loti mawa ndinyamuka, ndiye anandiluka tsitsi, ndipo analuka bwino.

Za ku Lilongwe ndikukumbukira zochepa. Mipando inali yofewa, m'chipindamo munkazizira ndi makina, ndipo pamalo aliyense panali kachoyankhulira kokhala ndi batani. Kumeneko sindinali Sipikala. Ndinakhala kumbuyo masiku awiri, ndinalankhula kamodzi, za chiyani ndaiwala. Anatipatsa satifiketi ndi malaya olembedwa mawu kumsana. Satifiketiyo bambo anga anaipangira felemu ya paini.

Mu Januwale titatsegulira, pabedi lapansi panali kamtsikana ka Fomu 1. Madamu anapitako kawiri ku Manyamula, ulendo wachiwiri anabwerako atagona kutsidya chifukwa mtsinje unadzaza. Sanandiuze zimene anakambirana, ndipo ine sindinafunse.

Ndinakula n'kukhala chimene aliyense akanalosera, mlembi wa pamisonkhano. Ndimalemba amene analipo, amene anapepesa, ndi zimene anagwirizana. Patapita zaka zambiri ntchito inandifikitsa ku Embangweni, ndipo pa nthawi yopuma ndinatuluka kukagula nthochi pafupi ndi chipatala. Pamalo pamene odikirira odwala amachapira, mayi wina wamtali anaimika kuchapa n'kundiyang'anitsitsa.

"Oda!" anafuula.

Tinakumbatirana manja ake ali ndi thovu. Anali ndi ana anayi, woyamba ali kale kusekondale. Bambo a anawo anali akadali ku Joni, akubwera chaka ndi chaka, nthawi zina kudumphitsa. Iye ankalima fodya ndi mtedza, ndipo kuchipatalako ankadikirira mkulu yemwe uja, amene tsopano anali wosaona bwino ndipo miyendo inkatupa. Ananena kuti mwa ana onse a pakhomopo, mkuluyo sankafuna wina womusambitsa m'manja koma iye. Tinakhala pakhonde la simenti, iye akundiseka kuti Chitumbuka changa chikadali chopunduka. Ndinafunsa za mlatho, anati ulipo tsopano, unamangidwa popanda iye. Ndinazungulira nkhani zambiri ndisanafike pamene ndinkafuna.

"Za tsiku lija," ndinayamba, "kachitatu kaja ndinkadziwa."

"Ndinaona, a Sipikala," anatero. "Maso anu ankanena."

Ndinachita manyazi kuposa amene ndinachitapo m'moyo wanga. Iye anatenga nthochi imodzi m'pepala langa n'kuyamba kusenda.

Kenako anandiuza kuti atabereka mwana wachiwiri, mkulu uja anamupatsa nkhuku, monga amachitira pomasula mkamwana kuti azitha kulankhula nawo ndi kudya iwo akuona. Tsiku lomwelo, iye akuswa mtedza pakhonde, mkuluyo anabwera n'kukhala pa kampando kake. Anati pali chinthu chimodzi chakhala chikumuvutitsa. Kodi tsiku lija pa Boma, iye ankafuna kunena chiyani?

"Ndiye munawauza za mlatho?"

"Ndinawanenera yonse. M'Chingerezi momwemo, kuyambira pa Mayi Sipikala mpaka kumapeto. Ndinali ndisanaiwale ngakhale pamodzi."

"Iwo anamva?"

"Amve chiyani? Anangotchera khutu, chipewa pabondo, ngati tsiku lija. Nkhuku zikudutsa, mwana akulira kumsana, ine ndikunena za mlatho. Nditamaliza anati, mama, ndikanamva zimenezi tsiku lija, mnyamata wanga uja akanadikira."

Anataya khoko la nthochi m'ngalande n'kupukuta manja pachitenje. Sankaoneka wokwiya. Ankaoneka ngati munthu amene akupereka lipoti kwa woyenera kulilandira.

"Ndinainena nditakhala pansi, a Sipikala, miyendo nditatambasula. Inatenga mphindi zake zomwe zija."

Wina anamuitana kuchokera kuwodi kuti adada akufuna madzi. Ananyamula beseni lake n'kupita, ndipo ine ndinabwerera kumsonkhano kukalemba amene analipo.